NSALU YA MACIRA NDI MSIKA WA KU FEIRA

Pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi pali mudzi wakale umene lero ndiwo boma la Luangwa. Munthu akaima pa gombe lace aona maiko atatu nthawi imodzi. Pansi pa mapazi ace pali Zambia. Patsidya pa Luangwa, ca kum'mawa, pali Zumbo m'dziko la Mozambique. Ndipo patsidya pa Zambezi, ca kumwera, pali Kanyemba m'dziko la Zimbabwe. Dziko lisanalandire ufulu m'caka ca 1964 malo amenewa anali kuchedwa Feira. Liu limeneli nla Cipwitikizi, ndipo tanthauzo lace ndilo msika.

Msikawo unayamba ca m'ma 1720, pamene amalonda ocokera ku Tete, otsogozedwa ndi Francisco Pereira, munthu wa ku Goa m'dziko la India, anadzamanga ku Zumbo. Iwo anali kufuna golide wa m'dziko la Changamire, kumwera kwa Zambezi, ndi minyanga ya njobvu yocokera m'cigwa ca Luangwa ndi kumadzulo. Ndalama zacitsulo zinalibe nchito kumeneko. Cimene cinali kugula zinthu ndico mikanda ndi nsalu. Nsalu zambiri zinali za ku Gujarat, ku India. Zinaoloka nyanja yamcere m'zombo zoyenda ndi mphepo, zinakwera Zambezi m'mabwato kupyola Sena ndi Tete, ndipo pa mathithi a Cahora Bassa, pamene bwato silikanatha kupita, amtengatenga anazisenza pamutu masiku ambiri kufikira madzi odekha.

Koma pakati pa mitolo yocokera kutaliyo panalinso nsalu yina imene sinaoloke nyanja iri yonse. Inali yocindikala, yokhakhala pang'ono, yoyera mosawala monga thonje liri m'munda. Thonje lace linalimidwa m'cigwa momwemo, ndipo anaipota ndi kuiomba ndi eni dziko: Amang'anja ku Shire, Asena ndi Anyungwe kunsi kwa Zambezi, Atawara ndi Akorekore ku Dande, ndi Ansenga kumpoto kwa mtsinje. Dzina lace linali macira, kapena macila monga ena achulira.

Umboni wa m'manda

Ena aganiza kuti Azungu asanafike anthu a kuno anangodziwa zikopa ndi nyanda, ndiyo nsalu yosula ku khungwa la mombo kapena la kacere. Nzoona kuti nyanda ndi zikopa zinali zobvala za anthu oculuka, makamaka kumapiri. Koma maganizo akuti nsalu ya thonje inadza ndi alendo anatsutsidwa ndi zimene zinafukulidwa m'nthaka.

M'caka ca 1960 anchito a boma anali kukumba pa kaphiri kochedwa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu athira m'Zambezi, kumtunda kwa Chirundu. Anali kufuna kuikapo thanki la madzi a Atonga amene anasamutsidwa pomanga damu la Kariba. Makasu ao anagunda mafupa a anthu. Akatswiri a zinthu zakale, J. H. Chaplin ndi pambuyo pace Brian Fagan, atafukula bwino anapeza manda a anthu olemera amene anaikidwa zaka ngati 500 zapitazo, atabvala mikanda ya golide ndi makoza a mkuwa oculuka m'mikono ndi m'miyendo.

Nsalu ikakwiriridwa siicedwa kuola, ndipo ciswe siciisiya. Koma dzimbiri lobiriwira la mkuwa liletsa tizirombo toolesa zinthu. Cifukwa cace pansi pa makoza aja panatsala tizidutswa ta zobvala za akufawo. Tina tinali ta nyanda. Tina tinali ta nsalu yosalala ya ulusi waung'ono, yonga ya ku India. Koma tina tinali ta thonje lokhakhala loombedwa ndi manja a kuno. Pa malo omwewo anapezanso timapale tozungulira, toboola pakati, timene opota thonje anali kuika ku kamtengo kopotera kuti kalemere ndi kuzungulira bwino. Zinthu zambiri za ku Ingombe Ilede zinatengedwa kunka ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone.

Olemba a Cipwitikizi acitiranso umboni. Wansembe João dos Santos, amene buku lace linasindikizidwa m'caka ca 1609, anachula macira monga cobvala ca anthu a m'mbali mwa Zambezi. Ndipo m'caka ca 1667 wansembe wina, Manuel Barreto, analemba kuti ku dziko la Amaravi kunali kucokera minyanga, citsulo ndi macira, ndi kuti macirawo anali kufunidwa kwambiri ndi Akaranga a kumwera kwa mtsinje.

Kucokera m'munda kufikira pa njinga

Cigwa ca Zambezi ncotentha, ndipo mvula yace njocepa. Cimanga cibvutika kumeneko, koma thonje likonda dzuwa lotere. Munthu anali kukhala ndi kamunda ka thonje pafupi ndi nyumba, ndipo mitengo yace sanali kuizula caka ndi caka monga acitira alimi a thonje logulitsa. Anali kuileka kuti ikule ngati zitsamba, nibala zaka zingapo.

David Livingstone, poyenda m'cigwa ca Shire m'caka ca 1859, anapeza kuti Amang'anja asiyanitsa mitundu ya thonje. Lina analicha thonje manga, ndiko kuti thonje lacilendo, la ubweya wautali. Lina linali thonje kaja, la eni dziko, la ubweya waufupi womamatira ku njere ndi wokhakhala ngati wa nkhosa. Livingstone anali kuganiza za makina a ku Manchester, natama lacilendo lija. Eni ace ambiri anakonda kaja, cinkana linali lobvuta kutongola, pakuti nsalu yace inali yolimba koposa. Pa nkhani imeneyi eni acewo ndiwo anadziwa bwino, popeza anali kuomba nsalu yoti aibvale okha m'thengo la minga.

Thonje likachedwa, nchito yoyamba inali kucotsa njere. Ena anali kutongola ndi zala, imodzi imodzi. Ena anali kuika thonje pa kathabwa, nakunkhuniza kacitsulo kozungulira pamwamba pace, kufikira njere zitatuluka kutsogolo ndi ubweya utatsala m'mbuyo. Pamenepo anali kutenga kauta kakang'ono, naika nsinga yace m'thonjemo, naikodola ndi cala. Nsinga ponjenjemera inamasula ubweya wogwirana, nigwetsa zitsotso, ndipo thonje linatsala lopepuka ngati thobvu. Atatero analikoka ndi manja likhale mizere yaitali yofewa, yosapota.

Tsono kupota. Copotera cinali kamtengo koongoka, ndi kolemera kace kozungulira ku nsonga imodzi, kaya kaphale kaya kathabwa. Akale anali kucha cipangizo cokulungapo ulusi dzina lakuti njinga. Ndipo pamene kunafika cokwera ca magudumu awiri ozungulira, dzinalo linasamukira kwa ico, kotero kuti lero ana ambiri sadziwa kuti njinga inayamba ndi thonje. Wopota anali kumangirira nsonga ya thonje ku kamtengoko, nakapukusa pa nchafu, nakaleka kazungulire, dzanja lina likukoka thonje pang'ono pang'ono. Kupota koyamba kunapatsa ulusi wonenepa ndi wofewa, wonga cingwe ca nyali. Umenewo anaukulunga m'mpira waukulu, naupotanso kaciwiri kuti ukhwime ndi kucepa. Luso lonse linali m'zala ziwiri, cacikulu ndi camkombaphala. Zikapereka thonje lambiri ulusi ucita mfundo. Zikapereka locepa uduka.

Nchito imeneyi inali yocedwa kwambiri, ndipo palibe munthu akanatha kuikhalira tsiku lonse ndi kuleka kulima. Cifukwa cace copotera cinali kuyenda ndi mwini wace. Amuna anali kupota atakhala pa bwalo kumva milandu, kapena poceza pansi pa mtengo nthawi ya dzuwa. Livingstone anazizwa kuona kuti m'midzi yambiri ya ku Shire munali amuna otongola, opota ndi oomba, monga ngati nchito ya masiku onse.

Kuomba

M'maiko ena kuomba ndi nchito ya akazi. M'cigwa ca Zambezi inali ya amuna, ndipo muomba waluso anali kudziwika monga adziwikira wosula makasu kapena wosema bwato.

Coombera cace sicinali cinthu cogula kapena cosunga m'nyumba. Anali kucimanga pa nthaka, pa mthunzi. Muomba anakhoma zikhomo zinai, ziwiri uku ndi ziwiri uko, kutalikirana monga mwa utali wa nsalu imene anaifuna. Kuseri kwa zikhomo anagoneka mitanda iwiri yopingasa. Pamenepo anayala ulusi kucokera pa mtanda wina kunka pa unzace, kubwerera, kupitanso, kambirimbiri, kufikira ulusi woyalawo utafika kukula kwa nsalu. Ulusi woyala m'litali uchedwa muyalo, ndipo wopingasa uchedwa mtsendero.

Kuomba konse, kaya kwa manja kaya kwa makina, nkumodzi: mtsendero upita pamwamba pa ulusi woyamba wa muyalo, pansi pa waciwiri, pamwamba pa wacitatu, ndipo pobwerera usinthanitsa. Woluka dengu acita cimodzimodzi ndi zala. Koma ulusi wa nsalu ngwoculuka, ndipo kuutukula umodzi umodzi kukanatha caka. Nzeru ya akale inali yotere. Anagoneka ndodo yaitali pamwamba pa muyalo, itakhala pa timphanda, namangirirako ulusi wina uli wonse ndi tizingwe, kudumpha umodzi, kumanga umodzi. Tsono theka la muyalo linali lopacikidwa m'mwamba, ndipo pakati pa ilo ndi theka lotsala panatseguka mpata. Kuseri kwa ndodoyo analowetsa mtengo wina wonyamula theka lija losamangidwa. Akaukankhira kutali mtengowo, mpata woyamba unatseguka; akaukokera pafupi ndi kuukweza, ulusi wapansi unakwera kupyola unzace, ndipo mpata waciwiri unatseguka. M'mipata iwiriyi muomba anapititsa kandodo kokulungapo mtsendero, kunka ndi kubwera.

Akapititsa ulusi kamodzi analowetsa thabwa losalala lopyapyala, looneka ngati lupanga, nagunda nalo mtsendero kuti uthinane ndi unzace. Kulimba kwa macira kunacokera pa kugunda kumeneku. Muomba waulesi wogunda mofewa anaturutsa nsalu yoonekera ngati ukonde. Nsalu ikamakula, sanali kuikulunga. Muomba ndiye anali kusendera kutsogolo pamodzi ndi timphanda tace, ndipo pa nsalu yotakata amuna awiri anathandizana, wina mbali iyi, wina mbali iyo, kulandizana kandodo. Antonio Gamitto, kazembe wa Cipwitikizi amene anayenda kucokera ku Tete kunka kwa Kazembe m'zaka za 1831 ndi 1832, anaona Amaravi alikuomba motero, nalemba za nchito yao.

Kuwerengera kuyambira pa kuchera thonje kufikira kudula nsalu pa mitanda, macira amodzi anadya masabata ambiri a nchito ya munthu. Cifukwa cace sanali cinthu copepuka. Anali kubvala m'cuuno, kapena kufunda usiku wa m'cisanu. Anali kupereka kwa mfumu monga mtulo. Pa minda yaikulu imene Apwitikizi analanda m'mbali mwa Zambezi, yochedwa prazo, eni midzi anali kukhoma msonkho wa caka ndi mapira, minyanga ndi macira. Amalonda omwe a ku Tete ndi ku Zumbo, cinkana anali ndi nsalu za ku India, anali kugula macira kuti akagulire zinthu kumene anthu anakana nsalu yopyapyala. Ndipo popeza inali nsalu yokhoza kunyamula munthu wamkulu osang'ambika, anali kuimanga ku mtengo wautali ndi kunyamuliramo akuluakulu pa ulendo. Olemba ambiri anena kuti ndipo panacokera dzina la macila onyamulira odwala.

M'mene luso linathera

Zumbo anasiyidwa bwinja m'caka ca 1836 cifukwa ca cilala ndi nkhondo. Livingstone pofika pa mathiriro a Luangwa m'mwezi wa January 1856, atadutsa m'dziko la Mfumu Mburuma, anapeza makoma a miyala akugwa, mabwinja a chalichi, ndi belu losweka liri gone m'udzu. Apwitikizi anabwerera mu 1862, koma zaka zotsatira sizinali za mtendere. Akuluakulu a Acikunda, monga Kanyemba ndi Matakenya, anali ndi asilikari amfuti osaka minyanga ndi akapolo m'midzi ya Ansenga ndi kupitirira. Ku Shire nakonso kunagwa njala yoopsa m'zaka za 1862 ndi 1863, pamodzi ndi ogwira akapolo. Muomba afuna mudzi wokhazikika. Nsalu yokhomeredwa pa nthaka munthu sangathawe nayo usiku, ndipo thonje silimera kuphiri kumene anthu abisala.

Pa nyengo yomweyo kunasefukira nsalu za makina. Inalipo merikani, yoyera, imene dzina lace licokera ku America, pakuti poyamba inadza ndi zombo za ku Salem kudzera ku Zanzibar. Inalipo kaniki yakuda ya ku India, ndi nsalu zamaluwa za ku Manchester. Nsalu ya ku India yoomba ndi manja inakhala pamodzi ndi macira zaka mazana osawagonjetsa, popeza inali yokwera mtengo itayenda ulendo wonse uja. Koma makina oyenda ndi nthunzi anatsitsa mtengo kotero kuti mnyanga umodzi unagula mikwamba yambiri.

Cotsiriza cinali msonkho wa ndalama. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 boma la British South Africa Company linalamula kuti nyumba iri yonse ya ku North-Eastern Rhodesia ikhome masheleni 3 pa caka. Msonkho umenewu sunalandire macira. Anyamata anayamba kunka ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, ndipo Feira linasanduka doko lalikulu looloka anthu opita ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Amuna amene akanakhala pambali pa atate ao kuphunzira kuyala muyalo anali kutali, ndipo pobwera anadza ndi mabulangete ndi nsalu za m'sitolo m'mabokosi ao. Ku Dande nkhalamba zina zinapitiriza kuomba m'kati mwa zaka za m'ma 1900, koma zinasowa ozilowa m'malo. Luso la m'zala silisungika m'mau okha: mbadwo umodzi ukapanda kuligwira, wotsatira alibe womufunsa.

Kumene zoombera zikali kugunda

Kuli mbali zina za Afrika kumene nkhani inayenda mosiyana. Mlendo wofika m'misika ya Fez ndi Marrakesh m'dziko la Morocco, kapena ya Kairouan ku Tunisia, apeza tinjira topapatiza todzala ndi mabulangete, mikanjo ndi zoyala pansi zoomba ndi manja. M'mizinda amuna aomba atakhala pa coombera copondera ndi mapazi, cimene citsegula mipata msanga koposa ca pa nthaka. Ku mapiri a Atlas akazi a mtundu wa Amazigh, ochedwanso Berber, aomba ubweya wa nkhosa pa coombera coimirira, m'nyumba mwao. Aunyika ubweya m'mitundu yocokera ku zomera: wakuda mobiriwira wa indigo, wofiira wa mizu ya citsamba, wacikasu wa makoko a zipatso. Dera liri lonse liri ndi zolemba zace, kotero kuti wodziwa akayang'ana coyala anena kumene cinaombedwa.

Nsalu za makina zinafikanso kumeneko, ndipo zinapha nchito ya oomba ambiri a nsalu wamba. Zimene zinapulumuka ndizo zija makina sanathe kuzilowa m'malo. Ku mapiri a Atlas kugwa cipale, ndipo banja la nkhosa zace zace lipeza cofunda colemera popanda ndalama. Mtsikana aphunzira kwa amace pakhomo, ndipo amace sanapite ku migodi. Koposa zonse, zolembalemba zija zinapatsa nsalu mtengo wa kukongola, umene alendo a maiko akutali alipira mokondwa. Macira analibe cingwe cotere cogwirako. Ambiri anali oyera opanda zolemba, ndipo ulemu wao unali kulimba kokha; tsono pamene merikani inafika, yoyera imodzimodzi ndi yochipa, wogula anayang'ana mtengo. Ndiponso anali nchito ya amuna, amene msonkho unawacotsa pamudzi.

Dziko la Zambia litalandira ufulu linayesa kuombanso thonje lace, koma ndi makina: kunamangidwa fakitale ya nsalu ku Kafue, ndi yina ya Mulungushi ku Kabwe mothandizidwa ndi dziko la China. Pambuyo pace nazonso zinapanikizidwa ndi nsalu zochipa zakunja ndi mitolo ya salaula.

M'dziko la Mfumu Mburuma ndi Mfumu Mphuka manja a anthu sanaleke kuluka. M'mbali mwa Luangwa mumera bango lambiri. Amuna alidula, naling'amba, naliyanika pa dzuwa, nalisoka ndi singano yaitali yacitsulo kukhala mphasa. Ena aluka madengu, malichero ndi zipewa za mlaza. Akatha azikweza kunka ku mlato wa Luangwa pa mseu waukulu wa ku Chipata, mlato umene unatsegulidwa mu 1968. Pamenepo mabasi aima, ndipo apaulendo atsika kudzagula nsomba zouma, masau ndi mphasa zokulunga, nazimanga pamwamba pa katundu wao kunka nazo ku Lusaka.